Amalume ndi mdima wa a Ravi Varma

Amalume anandipeza masana ndili pa kompyuta, makatani nditatseka. Ndimayenera kukonza vidiyo ya ukwati wa Loweruka lapitali, koma ndinali nditatsegulanso Elippathayam, filimu ya ku Kerala ku India ya 1981, kachitatu mwezi uno. Anakoka mpando, anayang'ana kanthawi, kenako akuti, "Mphwanga, wojambula ameneyu analibe magetsi kodi? Nkhope za anthu sizikuoneka bwino."

Ndinawayankha mwaulemu, koma mtima sunakhale m'malo mpaka usiku uno.

Ndinawauza kuti anajambula ndi a Mankada Ravi Varma, ndipo mdimawo ndi wadala. Nkhaniyo ndi ya Unni, bambo amene wadzitsekera m'nyumba yakale ya makolo ake, azichemwali ake akumutumikira, dziko likusintha panja iye osafuna kumva. Dzina la filimuyo limatanthauza msampha wa makoswe. Ndinaimitsa pena pake n'kuloza ndi chala: "Taonani amalume, kuwala kukulowera pakhomo pokha, kwinaku zipupa zili bii. Akanaunika paliponse, msamphawo mukanauona pati?"

Iwo anapukusa mutu. Akuti munthu akalipira ndalama amafuna aone zonse.

Mawu amenewo ndi omwe anandilasa, chifukwa ndimawamva sabata iliyonse. Mayi a mkwatibwi wa Loweruka atumiza kale uthenga kawiri kuti ndiwalitse nkhope za aliyense. Komatu pali pomwe ndinajambula agogo a mkwatibwiyo atakhala pakhonde dzuwa likulowa, theka la nkhope lili mumthunzi, makwinya akuoneka limodzilimodzi. Pa tsiku lonse lija ndimanyadira pamenepo pokha.

A Ravi Varma anabadwa mu 1926. Mu 1970 anajambula Olavum Theeravum, filimu yotsogoleredwa ndi a P. N. Menon, kunja, m'mudzi weniweni, nthawi imene anzawo ambiri ankangodalira situdiyo za mumzinda wa Madras (lero Chennai). Kenako Swayamvaram mu 1972, filimu yoyamba ya a Adoor Gopalakrishnan, omwe anatsogoleranso Elippathayam, inawapezetsa mphoto ya dziko lonse la India ya wojambula bwino. Kuyambira pamenepo sanasiyane ndi a Adoor kwa zaka 30. Ndimawasirira pa chimenechi kuposa mphotoyo: kukhala ndi munthu mmodzi amene sakufunsa chifukwa chomwe wasiyira mthunzi.

Sindinawauze amalume za mapeto a moyo wa a Ravi Varma. Anadwala ali pakati pojambula Nizhalkuthu ya 2002, ndipo amene anaimaliza ndi a Sunny Joseph. Matenda oiwalitsa a Alzheimer's anawadya a Ravi Varma pang'onopang'ono mpaka anamwalira ku Chennai mu 2010. Munthu amene ankadziwa ola lomwe dzuwa lifike pakhoma, kumaiwala zonse. Ndikaganiza zimenezi pakhosi pamandiuma.

Amalume anamwa tiyi n'kutsanzika kusanade. Vidiyo ija ikadali pomwepo, agogo aja ali pasikirini. Ndawalitsa nkhope yawo, ndabweza, ndawalitsanso pang'ono. Mayi aja akubwera mawa 9 koloko.