Blame ndi accuse si chimodzimodzi

Dzulo mdzukulu wanga akulemba homuweki anandifunsa kuti agogo, blame ndi accuse zimasiyana pati? Blame ndi kuloza chala kuti zalakwikazi wachititsa ndi iwe, ngakhale dzuwa ukhoza kulichita blame chimanga chikapserera, ndipo amati blame for. Accuse ndiye ukuneneza munthu kuti waba kapena wanama, imayenda ndi of osati for ayi, ana ambiri amagwa pomwepa pamayeso. Apolisi akamutsegulira mlandu ndiye charge with. Koma mawu amene amandikhudza ine ndi alleged, anyuzipepala amawayika dala chifukwa khoti lisanagamule munthuyo akungoganiziridwa chabe, ife tikawerenga pa Facebook timawadumpha nkuyamba kumutchula wakuba, mwana wa eni ake.