Sevu yonyenga: pamene ndafika, ndi zimene malamulo amalola

Nyengo ya mwera ino ndaika mtima pa chinthu chimodzi pa tebulo tenisi, chomwe ndi kuseva mipira iwiri yosiyana mkono ukuyenda mofanana, kuti wolandira asadziwe msanga ngati mpira ukubwera ukuzungulira chobwerera kapena ukubwera wosazungulira. Timasewera madzulo m'holo ina pa Salima boma, ndipo timayamba tatseka mazenera, chifukwa kampira kolemera magalamu 2.7 sikachedwa kupatutsidwa ndi mphepo ya kunyanja ukakaponya m'mwamba.

Nzeru yonse yagona pa malo amene mpira ukukhudza pa bati, chomenyera mpira chija. Ndikaupalasa kunsi kwake ndi nsonga ya bati, yomwe ndi mbali imene imathamanga kwambiri dzanja likamapinduka, mpira umazungulira mwamphamvu n'kumamveka ngati wolemera, ndipo wolandira akangoukankha osatsegula bati yake, kutanthauza kuipendeketsa kuti iyang'ane kumwamba, umakagwera mu neti. Ndikaukhudza chakufupi ndi chogwirira, mkono n'kumalizitsa ulendo wake ngati poyamba paja, mpira umapita wopanda kanthu, ndipo munthu amene anatsegula bati poyembekezera wolemera uja amaukweza m'mwamba, ine n'kuumenya momasuka. Pakadali pano sevu yolemerayo yayamba kundimvera: ndikamayeserera ndekha, mpira umadumpha kawiri kutsidya, n'kuima, n'kuyamba kukunkhunizika kubwerera ku neti. Chimene chatsala ndi mamvekedwe, pakuti anzanga a makutu akuthwa amati yopanda kanthuyo imalira kwambiri pa bati kuposa inzake.

Bambo wina wachikulire amene timasewera naye, yemwe anaphunzira masewerawa m'zaka za m'ma 1990, amaseva mwa njira ina. Akaponya mpira amasiya mkono wamanzere uli chopingasa kutsogolo, phewa n'kulipendeketsa, moti mpira umangotulukira kunsi kwa chigongono osaona pamene wakhudzira bati. Tsiku lina anandiuza kuti, "Mwana wanga, ukuvutikiranji chonchi? Sevu ndi kubisa basi." Ndinawayankha mwaulemu kuti, "Bambo, nthawi yanu zinali zololedwa ndithu, koma pano lamulo linasintha."

Bungwe loyendetsa masewerawa padziko lonse, la ITTF, linaletsa kubisa mpira kuyambira pa 1 September 2002. Lamulo likuti mpira uyambe uli pa chikhatho chotambasula, dzanja lili chete. Uponyedwe m'mwamba pafupifupi chowongoka, osauzunguza ndi zala, ukwere masentimita osachepera 16, ndipo umenyedwe ukutsika. Nthawi yonseyi ukhale pamwamba pa msinkhu wa tebulo ndi kumbuyo kwa mzere wa kumapeto, wosabisidwa ndi thupi, chovala, kapena mnzako pamasewero a awiriawiri. Mpira ukangochoka m'dzanja, mkono umene wauponyawo uchoke pakati pa mpira ndi neti. Woyimbira akakayika angathe kuchenjeza koyamba, koma akakayikanso pointi imapita, ndipo ngati kulakwako kuli koonekeratu palibe chenjezo. Ngakhale akatswiri salekereredwa: pa mpikisano wa Olympics wa ku London mu 2012, Ding Ning wa ku China analandidwa mapointi chifukwa cha kasevedwe kake m'masewero omaliza, omwe anagonja kwa Li Xiaoxia.

Choncho kunyenga pakokha sikoletsedwa. Lamulo silinena kanthu za kugwedeza bati chammbali mpira utachoka kale, kapena kusintha malo okhudzira monga ndikuchitiramu. Likungofuna kuti wolandira aone zonse, ndipo ngati waona koma osamvetsa, imeneyo ndi nkhani ya luso. Maganizo omwewa ndi amene anachititsa kuti m'zaka za m'ma 1980 akhazikitse zoti raba ya mbali ziwiri za bati ikhale ya mitundu yosiyana, popeza ena ankatembenuza bati ya maraba osiyana koma ofanana mtundu, mnzawo osazindikira. Ine lamuloli ndikugwirizana nalo ndi mtima wonse, makamaka ndikaganizira ana asukulu amene amabwera kudzaphunzira nafe. Mwana amene wagonja ndi sevu yobisa saphunzirapo kanthu, amangolota. Koma amene wagonja akuona dzanja amapita kwawo akulingalira, ndipo mawa lake amabwera atapenyetsetsa nsonga ya bati.

Poti kuno nthawi zambiri timasewera popanda woyimbira, tagwirizana zoyezera kaponyedwe pa neti, yomwe ndi yotalika masentimita 15.25, ndipo mpira uyenera kukwera kuposa pamenepo pang'ono. Sabata ikubwerayi ndapempha mnzanga kuti aime mbali ya wolandira andijambule ndi foni, kuti ndione ngati mpira ukuoneka bwino kuyambira pachikhatho mpaka pa bati, kenako ndiyambe kuphatikizamo kuzunguza kwa chammbali.