Kapu yandiulula

Lolemba usiku. Magetsi angoyaka kumene, ndiye ndilembe msanga asanathimenso.

Ndinadzuka 4:30 ngati masiku onse. Alamu ndinaichotsa Lachisanu lomwe, koma thupi uthengawo silinaulandire. Kunja kunali chiperoni chija cha mu Juni, kamvula kowaza kamene sikanyowetsa msanga koma kamalowa mpaka m'mafupa. Phiri la Mpingwe silimaoneka n'komwe. Ndinakoleza mbaula, kutereka madzi osamba, kuika makala mu simbi n'kusita siketi yakuda ija ndi bulauzi. Nsapato ndinapukuta mpaka kuwala. Zonsezi ndikuchita ndikudziwa bwino lomwe kuti kulibe amene akundidikira.

Ntchito inatha Lachisanu. Zaka 12 ndili pa kauntala ya holoselo ina ku Limbe, zatha ndi kalata ya tsamba limodzi. Anatiitana anthu asanu ndi awiri mu ofesi, abwana n'kufotokoza kuti ndalama zakunja zikusowa, katundu sakubwera, ndiye atseka mbali imodzi ya shopu. Ndinganame nditati zinandidzidzimutsa. Chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndinkaona ndekha. Wa golosale amene ankapikula makatoni khumi a sopo anayamba kutenga awiri, kenako imodzi, kenako kungofunsa mtengo n'kutuluka akupukusa mutu. Munthu wa pa kauntala amadziwa kuti shopu yadwala abwana asanatsegule pakamwa. Koma kudziwa kuti kubwera mvula sikuletsa kunyowa.

Kunyumba kuno sindinauze aliyense. Amayi ali ndi BP, ndipo chibwerereni kuno ku Bangwe kuchokera ku Phalombe, namondwe wa Freddy atawagumulira nyumba mu Malichi 2023, ndimasankha nkhani zowauza. Mtsikana wanga akulemba mayeso a Fomu 4, mutu wake usadzaze za lendi. Bambo ake ali ku Johannesburg kuyambira 2019, ndipo mafoni awo ayamba kutalikirana ngati mvula ya mu Epulo. Imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina.

Potuluka, amayi anandipatsa kontena ya mbatata yophika monga amachitira. Kenako anafunsa kuti, "Lero ubwera nthawi yanji, mwana wanga?" Funso limeneli sanandifunsepo chibwerereni, chifukwa nthawi yanga amaidziwa kuposa wotchi. Ndinayankha kuti nthawi yomweyo, n'kutuluka mwachangu.

Mu minibasi tinapanikizana anayi pampando, majuzi onyowa akununkha utsi wa makala, kondakitala akukuwabe kuti "wotsala mmodzi" pamene mwendo wake womwe uli panja. Chikonzero changa chinali chotsika ku Limbe n'kukwera ina ya m'tauni. Koma miyendo inandipereka. Ndinangozindikira ndaima kutsidya kwa msewu, moyang'anana ndi shopu ija, dzanja lili m'chikwama kufufuza kiyi wa dirowa amene ndinabweza kale.

Alonda anali akukweza chitseko chachitsulo. Mkati ndinaona mpando wanga wautali uja, wokhala ndi mwendo umodzi womangidwa ndi waya. Anakhalapo mtsikana amene ndinamuphunzitsa ndekha kubweza chenje. Sindimuda. Malipiro ake ndi ochepa kuposa anga, nkhani yake ndi imeneyo basi. Alonda aja atandiona anakweza dzanja n'kukuwa, "Madamu, mwadzuka bwanji?" Ndinakwezanso langa, n'kuyenda ngati munthu amene akuthamangira kwinakwake.

Ndinayamba ntchito imene ija mu 2012, chaka chimene K1,000 inatuluka. Tinkaigwira mwaulemu, kuiunika pa kuwala, kuiika payokha pansi pa dirowa. Mu 2016 kunabwera K2,000, mu 2022 K5,000. Manambala pa mapepala ankakula, mitolo yomanga ndi labala inkakula, koma katundu wotuluka pakhomo ankachepa. Pambali pa makina panali kasiponji konyowa kamene ndinkanyowetsera chala powerenga. Zaka zomalizazi kasiponji kankauma mpaka madzulo, chifukwa ambiri ankalipira pa Airtel Money kapena Mpamba, ine ntchito kungoyang'ana uthenga pa foni ngati wafikadi. Mwina ntchito yanga inayamba kutha tsiku limene kasiponji kanauma koyamba, kungoti kalata inachedwa.

Msewu wa Masauko Chipembere unali wodzaza. Chichiri, sitediyamu, Ginnery Corner, Clock Tower, malo amene ndawadutsa kambirimbiri Loweruka, koma Lolemba m'mawa ndinali ndisanawaonepo kwa zaka. Ndinadabwa kuona kuchuluka kwa anthu amene ali panja nthawi imene ine ndinkaganiza kuti dziko lonse lili pantchito. Anyamata a kabaza, amayi a nthochi pamutu, azibambo ovala tayi atanyamula maenvulopu a khaki. Lero nanenso ndinali ndi yanga ya khaki.

Ku ofesi ya penshoni ndinapeza mzere. Pafupi nane panakhala bambo wina wachikulire, amene anati anali dalaivala wa lole mpaka chaka chatha. Anangoyang'ana nsapato zanga n'kunena kuti, "Mayi, inu ndi atsopano." Ndinafunsa kuti adziwa bwanji. Akuti atsopano amabwera atatchena.

Bambo amenewa ndiwo anandiphunzitsa zambiri kuposa wa pa windo. Anandifunsa zaka zimene ndagwira, natenga bolopeni n'kuyamba kulemba kuseri kwa envulopu yanga. Munthu akachotsedwa chifukwa chochepetsa antchito, lamulo la ntchito limati alandire severance: malipiro a masabata awiri pa chaka chilichonse m'zaka zisanu zoyamba, masabata atatu pa chaka kuyambira chachisanu ndi chimodzi mpaka chakhumi, ndi masabata anayi pa chaka chilichonse kupitirira pamenepo. Zanga zinatuluka 10, 15 ndi 8, pamodzi masabata 33. Ine wowerenga ndalama za eni kwa zaka 12, zanga zomwe ndinali ndisanaziwerengere. Kalata yanga imangoti ndidzalandira "zonse zondiyenera", popanda nambala, popanda tsiku. Bamboyo anati, "Nambala imeneyi muisunge pamtima. Akakuitanani kukasaina, musasaine musanaione." Envulopuyo ndaiika pansi pa matiresi.

Pa windo nkhani inali yaifupi. Ndalama za penshoni sungazikhudze mpaka utakhala miyezi itatu osapeza ntchito ina, ndipo pofika nthawiyo pafunika fomu yodindidwa ndi abwana, kalata yochotsedwera, chiphaso cha unzika ndi akaunti ya ku banki. Miyezi itatu. Alandilodi anga sadziwa kuwerenga mpaka pa 5 mwezi ukatha. Ndinapempha sitetimenti. Mwezi uliwonse ankandidula 5 peresenti, abwana n'kumayenera kuwonjezerapo 10. Pa pepala la malipiro kudulako sikunaphonyepo. Pa sitetimenti ndinapeza miyezi ingapo ya chaka chatha ili mbee, yopanda kanthu. Mtsikana wa pa windo anangoti, "Zimenezo mukafunse kumene munkagwira, mayi." Ndiye kuti ku shopu ija ndibwererako ndithu, ulendo uno osaima kutsidya kwa msewu.

Mbatata ndinadyera pa kakhoma kena pafupi ndi siteji ya Mibawa, nditafunda chitenje pamwamba pa bulauzi yositasita ija. Inali itazizira. Nthawi inali isanakwane 1 koloko, ndipo kunyumba sindikanabwerera 5:30 isanakwane. Sindinkadziwa kuti tsiku ndi lalitali chonchi.

Ndinabwerera ku Limbe, kumsika, kwa mnzanga wa ku banki mkhonde amene amagulitsa kaunjika. Iyeyu sadziwa kuzungulira. Atangondiona masana a Lolemba anati, "Achemwali, yatha eti?" Ndinagwedeza mutu. Anandikhazika pa belo, n'kundigulira tiyi wamkaka, kenako anati, "Nanga nsapato zazitalizo mukuvalirabe ndani?"

Anali akutsegula belo la majuzi a ana. Ndinaonerera akudula zingwe, zovala zikufufuma ngati mtanda wa mandasi, fungo lija la kaunjika likutuluka. Amayi ogula anali atazungulira kale, aliyense dzanja lili chire. Iye ankasankha mwachangu, zabwino kumbuyo kwake, zapakati pa hang'ala, zong'ambika ndi zothimbirira pansi. Belo ndi juga. Umalipira usanaone zam'kati, ndipo la lero theka linali lapansi. Sanadandaule, anangotukwana pang'ono n'kupitiriza.

Malangizo ake ndi omwe aliyense adzandipatse sabata ino: ingoyambani geni. Ena adzati kaunjika, ena adzati kabenchi ka Airtel Money, ena nkhuku. Sindikunyoza geni, yalera anthu ambiri kuposa maofesi onse a mu Victoria Avenue. Koma mawu akuti "ingoyambani" amanditopetsa. Mu msewu wathu wokha ku Bangwe muli mabenchi a tomato oti sungawerenge ndi dzanja limodzi, tonse kugulitsana tokhatokha. Ndipo mpamba wake uli kuti? Uli m'masabata 33 amene ali kuseri kwa envulopu. Kwa akatapila ndiye ayi, ndinaona zimene anachita mlamu wanga mpaka firiji inatuluka m'nyumba masana dzuwa likuswa mtengo.

Cha m'ma 4 anakhuthula kachikwama ka m'chiuno pa chitenje kuti awerenge. Ndalama zopindikapindika, zina zonyowa, K200 kusakanikirana ndi K2,000. Mtima unandipweteka kuziona. Ndinamulanda, kuziwongola, kuzitembenuza nkhope zonse mbali imodzi, n'kunyambita chala. Zala zinathamanga zokha. Kwa mphindi ziwiri zimene zija ndinaiwala zonse. Ndinamufunsa kope lake. Linali kope la ana asukulu, masamba ena olemba, ena ongojambula mizere, ngongole za makasitomala zili m'mutu mwake. Titawerengera za sabata yatha yokha, tinapeza kuti anthu atatu anatenga zovala ndipo palibe pamene analemba. Anagwira pakamwa. Kenako anati ndizibwera Loweruka lililonse kudzamukonzera kope, azindipatsa ya sopo, ndipo anzake awiri a mzere womwewo nawonso makope awo ndi omwewo. Si ntchito. Sindikufuna kudzinamiza kuti ndi ntchito. Koma ndavomera.

Ndinakwera minibasi nthawi yanga ya masiku onse, nditagula usipa ndi buledi kuti bodza likwanire. Kunyumba ndinapeza mdima, mtsikana akuwerenga Biology ndi tochi ya foni, amayi ali pa mbaula. Tinadya. Mwana atalowa kuchipinda, amayi anatereka madzi, n'kundibweretsera tiyi.

Mu kapu yanga ya kuntchito.

Kapu yoyera ija yobenthuka pa chogwirira, imene yakhala pansi pa kauntala zaka zonsezi. Lachisanu ndinaikulunga mu chitenje n'kuibisa pansi pa zovala mu wadirobu.

"Ndimafuna bulangete lina, kwazizira," anatero amayi, akukhala pa mkeka. "Munthu sabwera ndi kapu yake kunyumba ngati mawa abwererako."

Ndinalephera kuyankha. Misozi imene ndinaikaniza mu ofesi ya abwana, kutsidya kwa msewu ndi pa windo, inatulukira mu tiyi.

"Amayi, ndimaopa BP yanu."

"BP yanga inakwera Loweruka, poona mwana wanga akuseka ndi mano okha. Lero ndiye wayenda kuti tsiku lonse ndi mvula imeneyi?"

Ndinawafotokozera zonse, mpaka za masabata 33 ndi miyezi yosoweka pa sitetimenti. Anamvetsera osandidula. Kenako anamasula mfundo ya pa ngodya ya chitenje chawo, pamene amamangapo ndalama ya chopereka. Munali kiyi wamng'ono wa loko, wadzimbiri. Ndinamuzindikira. Ndi wa chitseko cha nyumba ya ku Phalombe, nyumba imene madzi anaitenga ndi chitseko chomwe, mbuzi ndi nkhokwe.

"Mukumusungabe?"

"Ndikasintha chitenje ndimamusamutsa. Usiku uliwonse dzanja limapita lokha kukaona ngati ndakhoma." Anaseka pang'ono. "Ndiye iwe wa masiku atatu ukufuna miyendo iiwale njira ya ku Limbe?"

Anamumanganso pamalo pake, mfundo ziwiri.

Tagwirizana kuti mwana timuuza akamaliza pepala lomaliza. Kufikira tsikulo ndizituluka m'mawa iye akuona, koma amayi akuti nsapato zazitali zikhale, ndizivala zafulati, ndipo Lachinayi ndiwaperekeze kukayezetsa BP m'malo mozungulira m'tauni. Bambo ake ndiwaimbira mawa, ayankhe asayankhe. Alandilodi ndikawaona ndekha mwezi usanathe, asamve kwa anthu. Ku shopu ndipita Lachitatu ndi sitetimenti m'manja.

Pokagona amayi anaima pakhomo la chipinda n'kundifunsa ngati mawa ndidzukenso 4:30. Ndinati mwina, thupi ili silimva.

"Basi ukadzuka utereke nyemba," anatero. "Ndaziviika kale."