Mbuzi ya amalume ndi miimba ya ku Liwonde

Tulo takana kubwera, choncho ndayatsanso nyali kuti ndilembe zimene tinakambirana ndi amalume masana ano. Usiku wathawu fisi anathyola khola lawo n'kugwira mbuzi yaikazi imene inali ndi bere, ndipo kutacha ana anakapeza zotsala zake kukhwawa, m'munsi mwa phiri: mutu, chikopa, nthiti ndi mwendo umodzi. Pamene ine ndinkafika, ntchentche zobiriwira zija zinali zitadzadza kale, akhwangwala awiri ali pamtengo kudikira kuti tichoke.

Amalume anatulutsa m'thumba kapepala kokulungakulunga, ndipo ndisanafunse ndinadziwa kuti muli tameki. "Mphwanga," iwo anatero, "fisi amabwerera pamene wasiya nyama. Ndithira umu, mawa tidzamupeza atauma."

Ndinawapempha kuti ayambe adikira. Ndinati nyama yofa imene yagona patchire sikhala ya chilombo chimodzi, chifukwa fisi asanabwere usiku, masana onse pamakhala patadutsa akhwangwala, agalu a m'mudzi, ndiponso miimba ngati yaiona ili m'mwamba. Nkhandwe nazo zimadzanunkhiza kukada. Chimene chinandidetsa nkhawa kwambiri ndi miimba, pakuti mudzi wathu suli kutali ndi nkhalango ya Liwonde, ndipo mpanda wa waya umene umatsekereza njovu sungaletse mbalame yokhoza kuuluka makilomita oposa 100 tsiku limodzi.

Miimba inali itasowa ku Liwonde kwa zaka zambiri. Bungwe la African Parks linayamba kuyang'anira nkhalangoyi mu 2015, mu 2017 linabweretsa akakwiyo, amene ambiri amawadziwa ndi dzina lakuti cheetah, ndipo chaka chotsatira linabweretsa mikango. Zilombozi zitayamba kusiya zotsala za agwape ndi nswala poyera, miimba inayambanso kuoneka. Kubwerera kwake sikungafulumire, chifukwa muimba umaikira dzira limodzi lokha pachaka, ndipo mwana wake amatenga zaka zingapo kuti nayenso ayambe kuswa. Komanso mbalamezi zimadya mwachigulu: umodzi ukatsika, ina imene ikuuluka patali imaona n'kutsatira. N'chifukwa chake ku Botswana mu 2019 miimba yoposa 500 inafera pa mitembo itatu yokha ya njovu imene anthu osaka minyanga anathirapo poizoni.

Amalume anamvetsera mofatsa, kenako anati mbalame yodya zoola n'njonyansa, ndipo sakuona chifukwa choilirira. Apa mtima wanga unawawa pang'ono, mwina chifukwa inenso ndinakula ndikuganiza chimodzimodzi. Koma kudya zoolako ndiye ntchito yake imene imatipindulitsa. Asidi wa m'mimba mwa muimba ndi wamphamvu kwambiri moti amapha tizilombo tambiri toyambitsa matenda, ndipo gulu la miimba limatha kumaliza mnofu wa nswala ola lisanathe, pamene mphutsi zokha zingatenge masiku, fungo lili ponseponse. Fisi amene tikumudayu amaphwanya ndi kugaya mafupa amene ena onse alephera, n'chifukwa chake ndowe zake zikauma zimayera ngati laimu. Zimene zatsalira, tizirombo ta m'nthaka timazibwezera m'dothi, ndipo udzu wa pamalopo umadzabiriwira kuposa wa pambali.

Ndinawauzanso za ku India, kumene m'zaka za m'ma 1990 alimi ankabaya ng'ombe zodwala mankhwala otchedwa diclofenac. Ng'ombe zikafa, miimba inkadya nyamayo n'kufa chifukwa impso zake zinkawonongeka, mpaka mwa miimba 100 iliyonse ya mitundu ina, yoposa 95 inatha. Mitembo ya ng'ombe inayamba kungowolera kunja, agalu osowa mwini anachuluka chifukwa cha chakudyacho, ndipo chiopsezo cha chiwewe chinakula. Boma linaletsa kugwiritsa ntchito mankhwalawa pa ziweto mu 2006, koma mpaka lero mbalamezo sizinabwerere mwakale. Nkhani ya chiwewe inawagwira mtima amalume, pakuti kuno palibe amene sadziwa mmene munthu wolumidwa ndi galu wachiwewe amavutikira.

Anakhala chete kwa kanthawi, ndipo mwadzidzidzi anayamba kusimba za unyamata wawo. Anati kale iwo ndi anzawo akaona miimba ikuzungulira m'mwamba ankathamangira komweko, podziwa kuti mkango wapha, ndipo nthawi zina ankabwerako ndi ntchafu ya nyama. Anayesa kukumbukira chaka chimene anaona muimba komaliza pamwamba pa mudzi uno, koma analephera. Ndinaganiza kuti tamvana.

Kenako anandiyang'ana n'kufunsa kuti, "Nanga miimba yakoyo idzandibwezera mbuzi?"

Funso limeneli ndi limene likundisowetsa tulo. Mbuzi ija ankaisungira fizi ya mdzukulu wawo wa ku sekondale, ndipo m'kholamo mwatsala zitatu zokha. Zonse zimene ndinanena n'zoona, koma ndinazinena ine amene ndimalandira malipiro pakutha pa mwezi, kwa munthu amene chuma chake chimagona m'khola la mitengo yofumbwa. Ndinalonjeza kuti ndigula milimo ndi misomali kuti timange khola lam'mwamba lolimba, ndipo ndinawapempha kuti zotsala za mbuziyo tizikwirire mozama kapena kuziwotcha. Ndinawakumbutsanso kuti agalu awo omwe amapita kukhwawako, ndi kuti mvula ikagwa madzi a pamenepo amatsikira kudambo kumene ng'ombe zimamwa.

Sanavomere, komanso sanakane. Anabweza kapepala kaja m'thumba n'kunena kuti, "Tiona mawa." Pamene ndinkachoka dzuwa litapendeka, akhwangwala aja anali atatsika kale ndipo ankajompha m'nthitimo. Posachedwapa ndamva fisi akulira chakuphiri, ndipo sindikudziwa ngati amalume anabwereranso kukhwawa ine nditachoka.