Ndege zankhondo zikadutsa pansipansi mu Joni: kuzizindikira ndi khutu, ndi kuteteza khutulo

Mawindo akanjenjemera, maalamu a galimoto n'kuyamba kulira msewu wonse, agalu n'kulowa pansi pa bedi, pamagulu a WhatsApp a Amalawi a ku Tembisa, Diepsloot, Midrand ndi Primrose pamagwa funso limodzi: "Abale, kukuchitika chiyani?" Ena amati akusaka anthu opanda mapepala, ena amati kwabuka nkhondo. Mitima ikhale m'malo. Jeti imathamanga mamita oposa 200 pa sekondi imodzi, ndipo woyendetsa wake sangathe kusaka munthu m'makwalala pa liwiro lotere. Chimene chingakuvulazeni pa ndege zimenezi ndi phokoso lake komanso kudzidzimuka, ndiye nkhani yathu igona pamenepo.

Mzinda wa Johannesburg ulibe bwalo lakelake la ndege zankhondo. Mabwalo apafupi ali ku Centurion, panjira ya ku Pretoria: Waterkloof, ndi Swartkop limene linatsegulidwa mu 1921. Majeti a Gripen ndi Hawk amakhala kutali, ku Makhado, pafupi ndi Louis Trichardt, tauni ija mabasi opita kumudzi amadutsa pamsewu wa N1 asanakwere mapiri kulowera ku Musina ndi Beitbridge. Mtunda umene basi imayenda maola asanu, jeti imaumaliza mu theka la ola. Dziko lino la South Africa linagula ma Gripen 26 ndi ma Hawk 24, koma zouluka ndi zochepa chifukwa ndalama zokonzetsera zimavuta. Ma Gripen onse anakhala pansi pafupifupi chaka chathunthu kuyambira chakumapeto kwa 2021 mpaka mu 2022. Choncho jeti ikafika kuno, mafuta ake sanawotchedwe pachabe, pali mwambo kapena ntchito imene yadzera.

Khutu limadziwa msanga kuposa diso

Gripen ili ndi injini imodzi, mapiko a ngodya zitatu kumbuyo, ndi timapiko tiwiri pafupi ndi pokhala woyendetsa. Ikamabwera molunjika kwa inu simuimva mpaka itatsala pang'ono kufika, kenako phokoso limakugwerani kamodzin'kamodzi ndipo limatsalira likugunda kwa masekondi angapo iyo itapita kale. Phokoso loopsa kwambiri limachokera ku chipangizo chimene amati afterburner. Woyendetsa akafuna mphamvu yowonjezera, mafuta amapoperedwa mumpope wotulutsa utsi kuseri kwa injini n'kuyaka momwemo. Mukatero mumaona lawi kumchira, ndipo kugundako mumakumva pachifuwa ndi m'malata a denga. Hawk ndi yocheperako, ili ndi mipando iwiri wina kutsogolo wina kumbuyo, ndipo ilibe chipangizo chimenechi. Mawu ake ndi mluzu wakuthwa umene sugwedeza nyumba ngati Gripen.

C-130 Hercules ya ku Waterkloof siisowa: ndi yaikulu, yonenepa, mapiko ali pamwamba pa thupi, injini zinayi za pulopela. Imalira mawu okhuthala osasintha, ndipo chifukwa cha kukula kwake imaoneka ngati yatsika kwambiri kapena ikuyenda pang'onopang'ono kuposa mmene zilili. Zoyamba zinafika m'dziko lino mu 1963, ndipo ntchito yake ndi kunyamula asilikali ndi katundu.

Ma helikoputa ndi amene amasokoneza anthu ambiri. Oryx ndi yaikulu, ya injini ziwiri, yokhala ndi zitseko zam'mbali, ndipo ndi mtundu umene unapulumutsa anthu ambiri m'mitengo ndi pamadenga pa madzi osefukira a ku Mozambique mu 2000. Rooivalk ndi yopyapyala, anthu awiri amakhala motsatizana, ili ndi mfuti ya mamilimita 20 pansi pa mphuno ndi timapiko tonyamulira zida. Kwawo ndi ku Bloemfontein, kotero kuno imabwera pa zionetsero. Achibale athu amene anatumikira ku DRC amaidziwa, chifukwa mu Novembala 2013 inamenya nawo zigawenga za M23, pa gulu lankhondo la United Nations limene munali asilikali a Malawi, Tanzania ndi South Africa. Kulira kwa "pha-pha-pha" kumakula helikoputa ikamatsika kapena kukhota, pamene tsamba lililonse la pamwamba likumenya kamvuluvulu wa mpweya amene tsamba linzake lasiya. Ena akamva zimenezi amaganiza kuti injini ikufa, pomwe palibe chawonongeka.

Koma helikoputa yaing'ono yozungulirazungulira pamalo amodzi kwa mphindi khumi kapena makumi awiri, mwina ndi nyali yowala usiku, nthawi zambiri siyausilikali. Imakhala ya apolisi, ya makampani otsata galimoto zobedwa, kapena ya ambulansi. Yausilikali imadutsa n'kupita, ndipo kawirikawiri zimakhala ziwiri kapena kuposa.

Pali ina imodzi imene anthu a ku Germiston, Alberton ndi Primrose amaimva kuposa zonse, makamaka kumapeto kwa sabata: Harvard, ndege yakale ya pulopela imodzi. Asilikali anaisiya mu 1995 ataphunzitsirapo oyendetsa ndege kwa zaka zoposa 50, ndipo zimene zikuuluka kuchokera pa Rand Airport lero zili m'manja mwa anthu wamba, monga gulu la zionetsero la Flying Lions. Kwa ine palibe ndege ya mawu okoma kuposa imeneyi, ngakhale kuti ogwira ntchito usiku amene akufuna tulo masana sangavomereze. Kukalipa kwake kumachokera ku pulopela. Ndi yotalika pafupifupi mamita 2.7, yolumikizidwa ku injini popanda giya yochepetsa liwiro, ndipo ponyamuka imazungulira maulendo oposa 2,000 pa mphindi, mwakuti nsonga zake zimafika pa liwiro la mawu. N'chifukwa chake ikafika pambali panu penipeni imang'amba mpweya ngati munthu akung'amba chitenje chatsopano, ikangodutsa n'kufatsanso.

Mukayang'ana kumene kukuchokera phokoso, mwachedwa

Mawu amayenda mamita pafupifupi 340 pa sekondi, kutanthauza kilomita imodzi pa masekondi atatu. Jeti yothamanga makilomita 800 pa ola imayenda mamita pafupifupi 220 pa sekondi. Ikakhala pa mtunda wa kilomita imodzi kuchokera pamene mwaima, pofika nthawi imene mwaimva imakhala itasuntha mamita oposa 600. Ofuna kuiona kapena kuijambula aziyang'ana kutsogolo kwa phokoso. Ndipo popeza majeti amakonda kuyenda awiriawiri, yoyamba ikakuphonyani yang'anani njira yomweyo, yachiwiri ili m'mbuyo.

Ambiri amati "yaphulitsa mawu" pomwe angomva afterburner. Ndege ikapyoladi liwiro la mawu pamamveka kuphulika kuwiri kotsatizana, kwakufupi, kumene kungathe kusweka nako galasi. Gripen ikhoza kutero, koma oyendetsa sachita zimenezi mwachisawawa pamwamba pa mizinda. Mukamva kugunda kumodzi, pansi n'kugwedezeka, popanda kulira kwa injini pambuyo pake, ganizirani zina: thiransifoma ya magetsi, kapena chivomezi monga chija cha ku Boksburg pa 11 Juni 2023.

Nyengo nayo imathandizira. Joni ali pamalo okwera mamita oposa 1,700 pamwamba pa nyanja yamchere, mpweya ndi wopepuka, injini sizikoka bwino, ndiye ndege yolemera masana otentha imakwera mochedwa n'kukhalitsa pamwamba pa madenga. M'mawa wa Juni ndi Julayi, mpweya wozizira umagona pansi ndipo wofunda umakhala pamwamba pake, zimene zimabweza mawu pansi. Ndege imene m'chilimwe simuimva, nyengo yozizira imamveka ngati ili kuseri kwa mpanda.

Masiku oyembekezera phokoso amadziwika. Chionetsero chachikulu cha Africa Aerospace and Defence chimachitika pa Waterkloof mu Sepitembala zaka ziwiri zilizonse, monga 2022 ndi 2024, ndipo kuyeserera kumayamba masiku angapo chisanatsegulidwe. Pali zionetsero za pa Rand Airport ndi pa Swartkop, Rand Show ya ku Nasrec nthawi ya Isitala imene asilikali akhala akutenga nawo mbali, maliro a boma, ndi kulumbiritsa pulezidenti, monga pa 19 Juni 2024 ku Union Buildings. Pamisonkhano ya atsogoleri a mayiko, ngati wa BRICS ku Sandton mu Ogasiti 2023, mlengalenga mumalonderedwa, monga zinalilinso pa mpira wa dziko lonse mu 2010. Utsi woyera kapena wamitundumitundu wotuluka mu ndege zoyenda pamzere ndi wadala, amathira mafuta apadera mumpope wotentha wa utsi. Ndikudziwa kuti chichitikireni ngozi ya ku Chikangawa pa 10 Juni 2024, imene inatenga Wachiwiri kwa Pulezidenti Saulos Chilima ndi ena asanu ndi atatu, Mmalawi akaona ndege yankhondo yatsika mtima umamuthamanga. Nkhawa imeneyo ndi yomveka, koma ndege zoyenda pamodzi mwadongosolo, kunja kuli kowala, zimakhala pa ntchito yokonzedwa.

Makutu sabwerera

Phokoso amaliyeza mu ma decibel. Malamulo a pantchito kuno amaika malire pa 85 kwa maola asanu ndi atatu. Mukawonjezera ma decibel atatu okha, mphamvu ya phokoso imawirikiza kawiri ndipo nthawi imene khutu lingapirire imadulidwa pakati, moti pa 100 ndi mphindi 15 zokha. Khutu limayamba kupweteka cha m'ma 120 kupita m'mwamba, ndipo jeti yoyatsa afterburner pafupi imafika pamenepo. Timaselo ta mkati mwa khutu tikafa sitimeranso. Jeti imodzi yodutsa pamwamba pa nyumba kwa masekondi ochepa siingakugonthetseni, vuto lenileni ndi kukhala tsiku lonse pa chionetsero pafupi ndi mpanda wa bwalo.

Opita kumeneko agule zotsekera m'makutu za siponji, zimapezeka m'mafamase ndi m'mashopu a zipangizo zomangira pamtengo wotsika. Ambiri amazivala molakwika, amangozikanikiza pakhomo pa khutu n'kusiya theka lili panja. Ndi zala zoyera, ipotoleni siponjiyo mpaka ikhale yopyapyala popanda makwinya. Dutsitsani dzanja lina kuseri kwa mutu, kokerani khutu m'mwamba ndi kumbuyo kuti njira iwongoke, lowetsani, ndipo gwirani ndi chala kwa masekondi 20 kapena 30 kuti ifufume mkati. Ikakhala bwino, mawu anu omwe mumawamva ngati akuchokera m'mutu. Thonje ndi tishu sizitseka kanthu kwenikweni.

Ana aang'ono musawaike masiponji amenewa, njira ya khutu lawo ndi yopapatiza ndipo angathe kuwameza. Iwo amafunika zovala kumutu zophimba khutu lonse, za saizi yawo, zovalidwa ndege zisanayambe. Chipewa chaubweya kapena tsitsi lolukidwa likakhala pansi pa chophimbacho pamatsala mpata, phokoso n'kulowa. Khanda la miyezi yochepa ndi bwino lisapite n'komwe. Mtunda nawo ndi chitetezo: mukatalikira kawiri, phokoso limatsika ndi ma decibel pafupifupi asanu ndi limodzi, choncho mabanja akhale kumbuyo kwa khamu. Jeti ikakudzidzimutsani panjira muli ndi mwana kumbuyo, mutsitseni mumuike pachifuwa, khutu limodzi ligone pa inu, linalo mulitseke ndi chikhatho. Makutu akapitiriza kulira kapena kumva mogonthera kupitirira tsiku limodzi kapena awiri, pitani kuchipatala, musathiremo mafuta.

Ambiri mwa ife timagwira ntchito m'mabwalo a nyumba, pa zomangamanga ndi polera ana cha ku Centurion ndi Midrand, pansi penipeni pa njira za ndegezi. Sabata ya chionetsero, amene ali pa makwerero kapena padenga agwiritsitse ndi manja onse awiri akangomva phokoso, osatembenuza mutu kusaka ndege, chifukwa anthu amagwa potembenuka. Wogwira chopukusira kapena makina odulira mitengo achotse chala pa batani. Geti likhale lotseka, popeza galu wochita mantha amalumpha mpanda umene masiku onse saulumpha, ndipo mlandu umagwera wantchito. Galuyo mulowetseni m'chipinda chamkati, mutseke mawindo. Mawindo a magalasi ogwedera muwathire pate watsopano, chifukwa galasi lolimba m'felemu silisweka ndi kugunda kwa jeti, losweka ndi lija linali ndi mng'alu kale.

Amene agula ma drone adziwe kuti malamulo a dziko lino amaletsa kuwaulutsa pamtunda wosakwana makilomita 10 kuchokera pa bwalo la ndege popanda chilolezo, ndipo ndi OR Tambo, Lanseria, Rand, Grand Central, Waterkloof ndi Swartkop, malo otsala ndi ochepa. Kuloza ndege ndi tochi ya laser ndi mlandu, kumachititsa khungu woyendetsa kwa kanthawi. Kujambula ndege ili m'mwamba muli pakhomo panu palibe vuto, koma musakaime pageti kapena pampanda wa bwalo la asilikali ndi foni m'manja.

Ngati ndege ikukuvutitsani mobwerezabwereza, dandaulo limamveka likakhala ndi tsiku, nthawi yeniyeni, dzina la msewu, kumene inachokera ndi kumene inalowera, ndi chithunzi ngati chilipo. Yang'anani zilembo zapathupi pake. Zoyamba ndi ZS kapena ZU ndi ndege za anthu wamba, ndipo nkhani yake imapita ku South African Civil Aviation Authority, bungwe loyang'anira ndege zimenezi, kumene lamulo limati ndege yodutsa pamwamba pa nyumba za anthu ikhale mamita pafupifupi 300 pamwamba pa chinthu chachitali kwambiri chapafupi, kupatula ponyamuka ndi potera. Ya manambala okhaokha ndi chizindikiro cha asilikali imayendera malamulo a usilikali, ndiye dandaulo lipite ku ofesi yofalitsa nkhani ya South African Air Force. Pa Flightradar24, pulogalamu ya pa intaneti yoonetsa ndege zimene zili m'mwamba, ndege za anthu wamba zambiri zimaoneka ndi kutalika kwake, koma zankhondo nthawi zambiri sizionekapo, choncho nthawi muilembe pomwepo musanaiwale.