Abwana anati ndi fumbi, pomwe pampu inali itafa

Sabata yathayi inayamba ngati ina iliyonse ya mwezi wa Okutobala kuno ku Harare: kutentha, magetsi kuzimazima, malaputopu osweka sikirini. Lolemba ndi Lachiwiri ndinangokhalira kuika Windows ndi kuchotsa ma hard drive akale n'kuikamo ma SSD. Zimenezo anzanga a ntchito yokonza makompyutayi mukuzidziwa.

Chandilembetsa ndi kompyuta ya bambo ena achikulire a ku Mufakose, akwathu ndithu, omwe amajambula mavidiyo a maukwati. Makina awo ndi Alienware Aurora R4, yogula kwa munthu, ndipo inkazima yokha akangoyamba kukonza vidiyo. Anabwera nayo Lachitatu ine nditatumidwa ku Msasa. Abwana sanamasule ngakhale sikuluwu imodzi. Anangoti ndi fumbi, n'kuuza mnyamata wathu wophunzira ntchito kuti aipemerere ndi blower, kachipangizo kouzira mphepo, kudzera m'mabowo akumbuyo. Ndalama analandira, makina anabwerera. Lachisanu m'mamawa bambo aja anali pakhomo, vidiyo ya ukwati isanathe, eni ake akuwaimbira foni kosalekeza.

"Achimwene, ndithandizeni, anthu ayamba kundiyesa wakuba," anatero.

Nditachotsa chitseko cha m'mbali, mtima unandipweteka. Pamwamba pa purosesa, yomwe ndi ubongo wa kompyuta, panali kabokosi kakang'ono kakuda, ndipo mmenemo munkatuluka mapaipi awiri a labala opita ku radiyeta yomangidwa kumbuyo kwa bokosi. Makina oziziritsidwa ndi madzi! Ngakhale osatsegula, kungowalitsa tochi pa mabowo a fani yakumbuyo ukanaona timizere tothithikana ta radiyeta, tofanana ndi ta pa galimoto.

Ndinamuitana mnyamata uja kuti aone ndi maso ake, chifukwa mlandu si wake, palibe anamuphunzitsapo. Ndinamutsegulira kompyuta ina ya mu ofesi kuti asiyanitse. Yoziziritsidwa ndi mphepo imakhala ndi mulu wa timalata topyapyala ta aluminiyamu pamwamba penipeni pa purosesa, fani itamamatira pomwepo. Chimasokoneza ambiri ndi timapaipi ta kopa tomwe timalowa m'timalatamo. Mkati mwake muli timadzi pang'ono, inde, koma n'tolimba, n'tafupi, n'totsekedwa, ndipo palibe pampu. Imeneyo timaiwerenga kuti ndi ya mphepo. Ya madzi mapaipi ake amapindika ukawagwira, ndipo amachoka pa purosesa kupita kwina.

Titaiyatsa, mafani onse ankazungulira bwinobwino, n'chifukwa chake munthu wongomvera phokoso amanamizika. Ndinaika chala pa kabokosi kaja, momwe mumakhala pampu yoyendetsa madziwo. Pampu yamoyo imanjenjemera pang'ono, koma iyi inali zii, ikungotentha, pomwe radiyeta inali yozizira. Mu BIOS, pulogalamu yomwe imayamba kompyuta ikangoyatsidwa, kutentha kunakwera kudutsa madigiri 90 tikuyang'ana. Purosesa ikafika potero imadzichepetsera liwiro, kenako imazimitsa makina kuti isapse. Bambo aja akhala akuiyatsanso mobwerezabwereza masiku awiri chifukwa ife tinawauza kuti yachira.

Zoziziritsa zotsekedwazi sizikhala muyaya. Madzi ake amachepa pang'onopang'ono m'kupita kwa zaka, pampu nayo imatha, ndipo makina awa adutsa zaka khumi. Ndinawalangiza bambo aja kuti tiikemo choziziritsa cha mphepo, chifukwa fani ikafa amaiona okha ndipo kupeza ina sikuvuta.

Apa ndiye panabuka vuto lachiwiri. Purosesa yake imakhala pa soketi, malo ake olowekapo, ya mtundu wa LGA 2011, ndipo tizoziziritsa ta Intel tadzaza m'katoni mwathu ndi ta LGA 1155, sitigwira pamenepo. Thermal paste, phala lomwe timapaka pakati pa purosesa ndi choziziritsa, nayenso anatha kalekale, ndakhala ndikupempha koma yankho ndi loti mawa. Ndinazungulira mashopu a ku Gulf Complex dzuwa lili pamutu mpaka ndinapeza yakale yokwana m'bokosimo, paste ndinagula ndi ndalama yanga. Madzulo makina anatulutsa vidiyo yonse osazima, kutentha kuli pansi pa madigiri 70.

Abwana anafuna kuwalipiritsanso bambo aja ya ntchito. Ndinakana pamaso pawo, ndinati alipire ya chipangizo chokha. Ndinapemphanso kuti pa fomu yolandirira makina tiwonjezere mzere umodzi wolembapo ngati ndi ya mphepo kapena ya madzi, kuti wina aliyense azitsegula kaye asanatchule mtengo. Anayankha kuti mafomu akale akadalipo ambiri, tidikire athe. Loweruka ndinatenga cholembera n'kuwonjezera mzerewo pamanja pa fomu iliyonse yomwe inali mu diloo.