Mbiri ya moyo wanga, gawo 14: Anthu 20 a ku Gaurikund

M'gawo lapita lija ndinalekezera pomwe mayeso a chaka choyamba anatha, anzanga nkumwazikana kupita kwawo. Ine ndinatsala ku Dehradun, mzinda wa kumpoto kwa India. Tikiti yobwerera ku Lilongwe inali yosayambika, choncho tchuthi cha June 2013 ndinachithera pahositelo. Tinatsala owerengeka, mmodzi wa iwo ndi mnzanga wogona naye chipinda chimodzi, mwana wa kumapiri a ku Rudraprayag, yemwe anali atapeza kaganyu mtauni.

Mvula ya chaka chimenecho inabwera msanga. Pa 16 ndi pa 17 June inakhuthuka usana ndi usiku osapumira. Ife mtauni tinkangodandaula za zovala zosauma, pomwe kumtunda kwa mapiri a Himalaya kunali kukuchitika zoopsa. Nyanja yaing'ono ya Chorabari, yomwe inali pamwamba pa kachisi wa Kedarnath, inaphulika. Madzi, matope ndi miyala zinatsika ndi mtsinje wa Mandakini, nkukokolola Rambara, malo opumulirapo apaulendo, osasiyapo ngakhale khoma. Inali nyengo imene Ahindu zikwizikwi amakwera kukapembedza ku malo awo anayi opatulika: Kedarnath, Badrinath, Gangotri ndi Yamunotri. Misewu ndi milatho zitaduka, onsewo anatsekeredwa m'mapiri.

Nditaona zithunzizo pa TV, thupi langa lonse linachita tsemwe. Ine ndine wa ku Phalombe. Mu 1991 ndinali kamwana pomwe phiri la Michesi linalavula miyala ndi madzi, ndipo ndinakula ndikumva agogo akutchula Napolo motsitsa mawu. Miyala ikuluikulu ngati nyumba, itakhala pakati pa mudzi, ndinkaidziwa kale. Usiku womwewo amayi anaimba foni. "Mwanangu, akuti ku India kwadutsa Napolo. Uli pabwino?" Ndinati, "Ndili bwino amayi, kuno nkutali ndi kumeneko." Koma sikunali kutali kwa mnzanga uja. Amalume ake ankagwira ntchito yonyamula apaulendo pa nyulu, kuchokera ku Gaurikund, komwe msewu wa galimoto umathera, kukwera makilomita 14 mpaka kukachisi. Foni yawo inasiya kulowa kuyambira pa 16.

Tinayamba kupita kukathandiza kulongedza katundu wa ovutika: mpunga, mphodza, mabisiketi, mabulangete. Masiku ena tinkakwera basi kupita ku bwalo la ndege la Jolly Grant, panjira ya ku Rishikesh, komwe ndege zinkatula ena mwa opulumutsidwa. Pampanda ndi pazipupa panali zithunzi za osowa, zomatidwa china pamwamba pa chinzake. Mnzanga anamata cha amalume ake. Ndege ikatera, khamu lonse linkathamangira kugeti, aliyense atakweza chithunzi m'mwamba, kufunsa otsikawo ngati anaonapo nkhope imeneyi. Ena mwa otsikawo anali opanda nsapato, milomo itang'ambika, sankatha nkuyankha komwe.

Asilikali a ndege a dziko la India anatcha ntchitoyi Operation Rahat. Mahelikopita ankanyamukira ku Gauchar ndi ku Guptkashi, kulowa m'chigwa chopapatiza cha Mandakini, mapiri atatsekereza uku ndi uku. Kedarnath ali pamtunda woposa mamita 3,500, komwe mpweya ndi wopepuka ndipo helikopita imalephera kunyamula katundu wambiri ngati kuchigwa. Kuwonjezera apo, nkhungu. Amene munakhalako ku Mulanje nthawi ya chiperoni mukudziwa momwe phiri limasowera m'maso mwadzidzidzi, iwe ukuliyang'ana. Ndiye taganizani muli m'mwamba, phirilo lili kutsogolo kwanu.

Pofika sabata yachiwiri, amoyo anali atachotsedwa ku Kedarnath, kunatsala mitembo. Ahindu amatentha maliro awo, koma kumtunda kuja kulibe mitengo, ndiye mahelikopita omwe ankatsitsa amoyo anayamba kukweza nkhuni. Mnzanga atamva zimenezi anakhala chete tsiku lonse. Madzulo ake anangoti, "Bola ngati ali komweko, awatenthe mwaulemu."

Lachiwiri pa 25 June tinali kosungira katundu kuja, tikumanga makatoni, pomwe wina anakweza wailesi. Helikopita ya mtundu wa Mi-17 V5 inali itagwa kufupi ndi Gaurikund pobwerera kuchokera ku Kedarnath, kunja kutaipa. Funso loyamba la tonsefe linali limodzi: munali apaulendo? Munali abale a anthu aja a zithunzi? Chiwerengero chinkasinthasintha, mpaka zinadziwika kuti onse amene anali m'katimo, anthu 20, anafa. Asanu anali oyendetsa ndi ogwira ntchito m'ndegemo, motsogozedwa ndi Wing Commander Darryl Castelino. Asanu ndi anayi anali a gulu lopulumutsa anthu pangozi la NDRF, ndipo asanu ndi mmodzi anali apolisi olondera malire a ITBP.

Apa ndiyenera kunena chilungamo, chifukwa ndi chimene chandichititsa kulemba gawo lino. Nditamva kuti munalibe apaulendo, mtima wanga unakhala pansi. Ndinapuma. Ndinamva ngati ngoziyo yachepa. Sizinatenge nthawi, mayi wina wachikulire amene tinkalongedza naye anakhala pa thumba la mpunga nkuyamba kulira mofuwula. Sanali ndi mbale aliyense m'ndegemo. Ankangobwereza mawu amodzi m'Chihindi, ndipo mnzanga ananditanthauzira: akuti nawonso ndi ana a eni.

Mawu amenewo anandilasa ndipo sanandichoke mpaka lero. Masiku onse aja ndinkaona anthu a yunifolomu ngati mbali ya ndege, ngati chingwe kapena injini. Ndinkawerenga amene atsika, osawerenga amene awatsitsa. Chonsecho awa ndi anthu amene anabereka nkhalamba kumsana kuwoloka nazo mitsinje pa zingwe, kugona panja pozizira, kutola mitembo yowola ya anthu osawadziwa. Zigumula zinawapeza ali kwawo, pouma, ali bwinobwino. M'chigwa chija anachita kulowamo, akudziwa kuti nkhungu ingatseke nthawi ina iliyonse. Akazi awo ndi amayi awo sanamate zithunzi pampanda, poti ankadziwa kuti anthu awo ali kuntchito ndipo abwera.

Ndinkayesa kuti ntchito iima kaye, koma nyengo itangolola mahelikopita ananyamukanso, kudutsa m'chigwa chomwecho, pamwamba pa malo omwe anzawo anagwera. Mkulu wa asilikali a ndege panthawiyo, N.A.K. Browne, anapita ku Gauchar kukalimbikitsa otsalawo. Pamapeto pake anthu oposa 100,000 anatulutsidwa m'mapirimo, ena pa ndege, ena wapansi. Mwezi wa July boma linati anthu oposa 5,700 amene sanapezeke atengedwe kuti anamwalira.

Amalume a mnzanga anali m'gulu limenelo. Nyulu zawo nazonso sizinaoneke. Msewu utatheka kuyendamo pang'ono, mnzanga anati apite kumudzi akaone azakhali ake. Tisananyamuke tinadutsa ku Jolly Grant kukamatula chithunzi chija, chifukwa kunyumba kunalibe china. Mvula inali itachifufutsa, koma nkhope inkaonekabe. Anachipinda bwinobwino nkuchiika m'buku.

Pa siteshoni ya basi anandigwira mkono nkundifunsa ngati ndingamuperekeze, poti yekha sakanatha kukalowa m'nyumba ija. Ndinalibe jekete, ndinalibe ndalama yokwanira, ndipo amayi ndinali nditawalonjeza kuti kumapiri sindipondako. Ndinakwera. Za ulendo umenewo ndidzakusimbirani m'gawo 15.